Mwana wanga amayenda ndi buku ngati madzi, koma thumba la feteleza linamukanika

Funso

Ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala kudera la Chamama m'boma la Kasungu. Mwana wanga wamwamuna ali mu Sitandade 3 ndipo kalasiyi akuibwereza. Akatenga buku lake la Chichewa amayenda nalo ngati madzi, koma tsiku lina nditamuuza kuti andiwerengere zolembedwa pa thumba la feteleza anangoti kakasi. Mlongo wake ali mu Sitandade 5. Kale ankakhoza, koma chaka chino wabwerera m'mbuyo, akuti zonse zili m'Chingerezi. Aphunzitsi anandiuza kuti ndiziwathandiza kunyumba, koma ine sukulu ndinalekezera Sitandade 4 ndipo bambo awo amatanganidwa ndi fodya. Anzanga akuti ndingowalipirira part time. Ndichite chiyani?

Yankho

Mayi, zimene munachita ndi thumba la feteleza lija ndi mayeso abwino kuposa ambiri amene ine ndinalembetsapo ana pa zaka zonse zimene ndinagwira choko m'makalasi a ana aang'ono. Mwatulukira chinthu chimene chimabisika kwa makolo ambiri mpaka mwana atafika Sitandade 6: mnyamata wanuyo buku analoweza, koma kuwerenga sanakudziwe. Musakhumudwe nazo. Mwana amene angasunge masamba onse aja m'mutu si wofooka nzeru ayi. Khutu lake ndi lakuthwa, mutu wake umagwira. Chimene chatsala n'chakuti maso ake aphunzire kugwira ntchito imene khutu lakhala likuwagwirira.

Ndikufotokozereni kaye mmene zimafikira pamenepa, chifukwa mukazimvetsa simudzakwiyira mwana kapena aphunzitsi ake. Chiyambire 1994, pamene boma linachotsa fizi ku pulayimale, ana anakhamukira m'sukulu. M'chaka chimodzi chokha chiwerengero chawo chinachoka pa 1.9 miliyoni n'kufika pafupifupi 3 miliyoni. Chinali chinthu chabwino, ndipo ana a alimi ambiri amene akanathera kubusa anaona m'kati mwa kalasi chifukwa cha icho. Koma zipinda, mabuku ndi aphunzitsi sizinakule pa liwiro lomwelo, ndipo mpaka lero makalasi oyambirira ndi amene amadzaza kwambiri. Mphunzitsi amene ali ndi ana 100 atakhala pansi phazi ndi phazi amachita chimene angathe: amawerenga mzere, ana onse n'kubwereza pamodzi. Phokoso lake limakoma, munthu wodutsa pamsewu amati ana akuphunzira. Koma m'kati mwa khwimbi limenelo muli ana amene akungotsatira mawu a anzawo ngati kwaya, chala chili pa mzere wina, pakamwa pakutuluka mzere wina. Taganizani, mphunzitsi atati amvetsere mwana aliyense payekha kwa mphindi imodzi yokha, ana 100 amudyera mphindi 100, ndiye kuti ola limodzi ndi mphindi 40 zatha. N'chifukwa chake mwana akhoza kutha chaka chathunthu popanda munthu wamkulu amene anamumvapo akuwerenga yekha.

Apa ndi pamene pali ntchito yanu. Aphunzitsi akamati muziwathandiza kunyumba, makolo ambiri amamva ngati akuuzidwa kuti akhale aphunzitsi achiwiri, ndiye amagwa ulesi poti sukulu sanapite nayo patali. Inu simukufunika kudziwa silabasi. Muli ndi chinthu chimene mphunzitsi alibe, chomwe ndi mpata wokhala ndi mwana mmodzi n'kumumvetsera. Ndipo Sitandade 4 imene munalekezerayo ndi yokwanira pa ntchito imeneyi. Ngati mumatha kuwerenga uthenga wa pafoni kapena kutsatira nyimbo m'buku kutchalitchi, muli nazo zonse zofunika.

Yambani ndi kufufuza pamene mwanayo wafika. Tsekani buku, musalione n'komwe. Salazani dothi pabwalo, tengani kamtengo kapena khala, mulembe malembo asanu awa: a, e, i, o, u. Muziloza mosatsata ndondomeko, kuyambira pa o, kulumphira pa e, kubwerera pa u. Mwana woloweza amathamanga mukamaloza motsatana, koma mukasokoneza amadodoma. Akawadziwa onse, lembani maphatikizo: ma, me, mi, mo, mu, kenako ta, te, ti, to, tu, ndipo muchite chimodzimodzi. Akadutsa apa, phatikizani awiri kuti apange mawu amene sali m'buku lake, monga mutu, moto, tema, mota. Pamene ayambire kukakamira, pamenepo ndiye poyambira panu. Musachite manyazi ngati mwana wa Sitandade 3 akubwerera ku ntchito ya Sitandade 1. Khoma likang'ambika chifukwa cha maziko, sitimata pamwamba.

Chichewa chili ndi mwayi umene Chingerezi chilibe. Chimalembedwa monga mmene chimamvekera. Lembo la a limamveka a paliponse pamene lili, kaya mu amayi, kaya mu chimanga. Mwana akangogwira kuti lembo lililonse lili ndi liwu lake, ndipo kuti maliwuwo amaphatikizana, khomo latseguka, ndipo kawirikawiri limatseguka mwadzidzidzi. Pulogalamu ya boma yophunzitsa kuwerenga imene inayamba mu 2016 m'makalasi a Sitandade 1 mpaka 4 inamangidwa pa mfundo yomweyi: maliwu a malembo, maphatikizo, mawu, kenako ziganizo. Choncho mukamachita izi pabwalo simukutsutsana ndi zimene akuphunzira kusukulu. Chimodzi chokha musamale nacho. Ife akale tinaphunzira kutchula mayina a malembo m'Chingerezi, emu, ti, esi. Mwana mukamuuza kuti emu ndi e, omwe ndi mayina a Chingerezi a m ndi a, iye amamva zinthu ziwiri zosagwirizana ndi ma. Muuzeni liwu lake, mmm, milomo ili chitsekere, kenako a, kuti amve yekha mmene ma akubadwira.

Pamene ana ambiri a Sitandade 2 ndi 3 amagwera ndi pa maphatikizo a malembo atatu kapena anayi, ndipo apa ndikupemphani kuti muchedwepo. Tengani mawu awiri ofanana amene asiyana pa lembo limodzi: pala ndi phala, kola ndi khola. Mufunseni kuti, kodi m'mawa umamwa pala kapena phala? Aseka, ndipo kusekako n'kwabwino. Muuzeni aike chikhatho patsogolo pa kamwa n'kutchula mawu onse awiri. Pa phala amva kampweya kakumuwomba m'dzanja, pa pala ayi. Muuzeni kuti kampweya kameneko ndiye h uja walembedwa. Ana amene ndinawaphunzitsa motere sankaiwalanso. Chitaninso chimodzimodzi ndi ngoma ndi ng'ombe, kuti aone ntchito ya kachizindikiro kali pamwambako. Kenako pang'onopang'ono mufike pa mba, nda, dza, tsa, nya, ndi ena olemera monga nkha, mpha, ntha, ntcha. Phatikizo limodzi kapena awiri pa tsiku n'zokwanira. Mukatha, mutumeni akasake phatikizolo paliponse pamene pali zolembedwa, pa kalendala, m'buku la nyimbo, pa chikwangwani cha chigayo. Ana ena amasokoneza b ndi d kwa nthawi yaitali. Zimenezo n'zofala pa msinkhu umenewu, ndipo kulemba malembowo akuluakulu padothi ndi chala kumathandiza kuposa kukalipa.

Nthawi yake isakhale yaitali. Mphindi 15 kapena 20 tsiku lililonse zimaposa maola atatu a Loweruka lokha. Sankhani nthawi imodzi imene idziwike pakhomo ponse, ndipo ine ndimakonda masana akatha kudya nsima, kapena chakumadzulo dzuwa lisanalowe, pakhonde. Usiku mwana amakhala atatopa, ndipo kuwala kwa koloboyi kumamuwawitsa maso ndi utsi. Inu mukhoza kumasenda mtedza kapena kusadzula ndiwo, iye ali pambali panu, bola khutu lanu likhale kwa iye ndipo chala chake chikhale pansi pa mawu amene akutchula.

Akalakwitsa, dikirani. Ichi n'chovuta kuposa zonse, chifukwa pakamwa pa kholo pamayabwa kufuna kumuuza yankho. Werengani chamumtima mpaka kasanu. Akakanikabe, phimbani mawuwo ndi chala n'kusiya phatikizo loyamba lokha, alitchule, kenako vundukulani lachiwiri. Akafika kumapeto, abwereze chiganizo chonse kuti amve tanthauzo lake. Mukatero mufunseni funso limodzi losavuta, monga lakuti ndani anapita kudambo, kapena n'chifukwa chiyani analira. Kutchula mawu kopanda kumva nkhani ndi theka chabe la kuwerenga.

Ndipo chonde, mkwapulo ukhale kutali ndi buku. Ndikunena izi ndi mtima wanga wonse chifukwa ndinalakwitsapo ndekha. Ndili mphunzitsi wachinyamata ndinali ndi kamtsikana kena m'kalasi kamene kankangoti duu ndikakaloza. Ndinkakakalipira poganiza kuti n'kamwano. Tsiku lina ndinakapeza kuseri kwa kalasi kakuwerengera mnzake mapepala amene ndinataya, bwinobwino, mopanda kudodoma. Vuto silinali malembo, vuto ndinali ine. Mwana wamantha mutu wake umatanganidwa ndi kuyang'ana dzanja la wamkulu, ndiye malembo alowera pati? Mawunso amapweteka ngati ndodo. Mnyamata wanu akubwereza kalasi, anzake amsinkhu wake apita patsogolo, ndipo manyazi ali nawo kale okwanira. Mawu akuti mbuli, kapena kumuyerekeza ndi mlongo wake pamaso pa alendo, asamveke pakhomo panu. Muyamikireni pa chinthu chenicheni chimene wachita: lero nkha uja wamudziwa wekha.

Mwina mukuti, nanga tiwerenga chiyani poti mabuku kulibe? Funsani kaye kusukulu ngati amalola ana kupita ndi buku la Chichewa kunyumba. Sukulu zambiri zimalola kholo likalonjeza kulisamala, ndipo kathumba ka pulasitiki ka shuga kamaliteteza ku mvula. Koma popeza bukulo analiloweza, muzimuyambitsa chakumapeto kwa tsamba kapena kumulozera mawu apakati. Kupatula apo, nyumba ya mlimi ili ndi zowerenga zambiri kuposa mmene timaganizira: mapaketi a mbewu, Baibulo kapena buku la mapemphero, buku la kusikelo la mng'ono wake, timapepala ta alangizi, mauthenga a pafoni ochokera kwa achibale. Muzimuuza kuti maso anga atopa, tandiwerengera zimene alemba amalume akowa. Mwana amakula mtima akaona kuti kuwerenga kwake kwagwira ntchito yeniyeni.

Njira imene ndimaikonda koposa ndi iyi, ndipo imagwira ana anu onse awiri nthawi imodzi. Madzulo inu yambani nthano, padangotero, iwo n'kuvomera kuti tili tonse. Ikhale yaifupi. M'mawa mwake mtsikanayo ailembe m'kope lakale ndi malembo akuluakulu, ziganizo zisanu kapena zisanu ndi chimodzi. Kenako mnyamatayo aiwerenge. Mtsikana waphunzira kulemba ndi kusanja maganizo, mnyamata wapeza nkhani yatsopano imene sanaimvepo ikuimbidwa m'kalasi, ndipo pakutha pa teremu muli ndi buku lanulanu la nthano za agogo awo. Ndagi nazonso musazitaye. Mwana amene akuvutika kuganiza kuti nyumba yopanda khomo n'chiyani mpaka atapeza kuti ndi dzira, akuphunzira kusinkhasinkha mawu, ndipo luso lomwelo ndi limene adzalifune pa mayeso a kumvetsa nkhani. Wamng'ono wachitatu uja naye azikhala pomwepo, akumva. Akadzakwana zaka 6 mukamulembetse chaka chomwecho, musadikire kuti akule kaye.

Tsopano za mtsikanayo. Zimene zamuchitikira zimachitikira ana ambiri, ndipo si kuti nzeru zamuthawa. M'makalasi anayi oyamba ana amaphunzira zambiri m'Chichewa, Chingerezi chili phunziro limodzi mwa maphunziro ena. Akalowa Sitandade 5 mabuku a sayansi, ulimi, masamu ndi ena onse amakhala m'Chingerezi, ndipo mayeso a MANEB a Sitandade 8 amafunsidwa m'Chingerezi kupatula pepala la Chichewa. Ndiye mwana amene ankadziwa bwino lomwe mmene mbewu imamerera amapezeka kuti akulephera funso la kameredwe ka mbewu, chifukwa chakuti mawu ake ndi achilendo. Ambiri akafika apa amayamba kukopera manotsi pabolodi n'kuwaloweza osamva kanthu, matenda omwe aja a mlongo wake koma m'chinenero china.

Pali makolo amene amaganiza kuti mankhwala ake ndi kuletsa Chichewa pakhomo. Ine sindigwirizana nazo. Mwana amene amaganiza mozama m'chinenero chake amakhala ndi pokoleka chinenero chachiwiri. Inu chitani ichi: tsiku lililonse mufunseni kuti akufotokozereni m'Chichewa chinthu chimodzi chimene waphunzira. Musafunse kuti kusukulu kunali bwanji, chifukwa yankho lake ndi lakuti kunali bwino, nkhani n'kuthera pomwepo. Nenani kuti, tanditsegulira kope la sayansi, apa walembapa akutanthauza chiyani? Akatha kukufotokozerani mpaka inu mutamva, ndiye kuti wamvadi. Akakanika, alembe kanyenyezi pambali pa mawu amene amutsekerezawo kuti mawa akafunse aphunzitsi kapena mwana wa sekondale wapafupi. Mumugulire kakope kamodzi kakang'ono kosungiramo mawu atsopano, Chingerezi mbali iyi, Chichewa mbali inayo, ndi chiganizo chimodzi chopeka yekha. Mawu atatu pa tsiku ndi okwanira, ndipo inu mukhoza kumufunsa potchula a Chichewawo iye n'kumayankha a Chingerezi. Aziwerenganso mokweza ndime imodzi ya Chingerezi ngakhale inu musamve zonse. Lilime limafuna kuzolowera. Ngati muli ndi wailesi, amvere nkhani za m'Chichewa kenako za m'Chingerezi, popeza nthawi zambiri zimakhala nkhani zomwezo.

Muzimukumbutsanso za William Kamkwamba wa ku Wimbe, m'boma lanu lomweli. Njala ya 2001 ndi 2002 itamuchotsa ku sekondale chifukwa chosowa fizi, ankabwereka mabuku a sayansi ku kalaibulale kakang'ono ka kwawoko. Chingerezi chinkamuvuta, koma ankayang'anitsitsa zithunzi ndi kufunsa matanthauzo a mawu, mpaka anapanga makina oyendera mphepo amene anayatsa magetsi kunyumba kwa makolo ake. Chimene ndimafuna ana atolepo pa nkhani yake n'chakuti zithunzi ndi zojambula za m'buku si zokongoletsa. Mwana wanu aziyamba wayang'ana chithunzi ndi mutu wa nkhani, n'kunena m'Chichewa zimene akuganiza kuti tsambalo likamba, asanayambe kulimbana ndi ziganizo.

Ndinenepo chinthu china chokhudza mtsikanayu chimene simunafunse. Tawerengani ntchito zimene amagwira akaweruka: kutunga madzi, kutsuka mbale, kubereka mwana, kusonkha moto. Kenako muwerenge za mlongo wake. M'makomo ambiri mtsikana amafika pa kope dzuwa litalowa, mnyamata atasewera mpira masana onse. Ntchito zapakhomo n'zabwino ndipo mwana aliyense azigwire, koma zigawidwe, ndipo nthawi ya kope ikakwana mtsuko udikire. Akamasinkhuka, mukambirane naye za kusamba msanga ndipo mumukonzere zofunika, chifukwa atsikana ambiri amajomba masiku amenewo mwakachetechete. Amayi a Mother Group a pasukulu panu alipo chifukwa cha nkhani ngati zimenezi.

Masamu ndiwo ndikufuna alowepo bambo awo, ndipo safunika kusiya fodya kuti atero. Mlimi amawerengera tsiku lonse osadziwa kuti akuchita masamu. Pobzala chimanga alangizi amati mizere italikirane masentimita 75 ndipo mapando masentimita 25. Mwana agwire chingwe, ayeze, awerenge mapando a mzere umodzi, kenako bambo amufunse kuti mizere 10 ikhala ndi mapando angati. Kumeneko ndiye kuchulukitsa. Ndowa zingati zidzaza thumba la makilogalamu 50? Tikagulitsa mazira 6 pa mtengo wakuti, tilandira zingati, ndipo wogula akapereka K5,000 chenji chake n'chingati? Kwa mnyamatayo, zitsekerero za mabotolo kapena njere za chimanga zoikidwa m'milu ya khumikhumi zimamuonetsa chifukwa chake 34 ndi milu itatu ndi njere zinayi, ndipo akamvetsa zimenezi, kuwonkhetsa ndi kuchotsera kobwereka kumasiya kukhala matsenga. Bawo nayo ndi sukulu. Mwana wosewera bawo ndi bambo ake amawerengera patsogolo asanagwire njere.

Koma pali mbali ina ya fodya imene ndiyenera kuinena mosabisa. Teremu yachiwiri, kuyambira Januwale, imagwera pa nthawi imene ntchito ya kumunda ndi kuchigafa yafika pachimake, ndipo m'kaundula wa sukulu za kuno mumaoneka mipata yambiri miyezi imeneyi. Kholo limati ndi tsiku limodzi lokha, athandize kusoka. Koma m'makalasi aang'ono malembo amaphunzitsidwa motsatana, lero ili, mawa linalo. Mwana akajomba masiku awiri pa sabata, amakhala ngati mpanda wa mipata, ndipo zimene zinamudutsazo palibe amene adzamubwerezere. Ndikukayika ngati si mmene mnyamata wanu anatayira ena mwa maphatikizo ake. Kuwonjezera apo, fodya wamuwisi, makamaka wonyowa ndi mame kapena mvula, amalowetsa chikonga m'thupi kudzera pakhungu, ndipo mwana amamva mutu, chizungulire ndi nseru. Kuthyola fodya ndi kugwira mankhwala opopera si ntchito ya ana. Tsiku la msika nalonso limaba ana ambiri, pamodzi ndi nyumba zoonetsa mavidiyo pa malo ochitira malonda. Ngati simungakwanitse china chilichonse mwa zimene ndalembazi, kwanitsani ichi: ana apite kusukulu tsiku lililonse, pa nthawi yake, atalawa kanthu, kaya ndi phala, mbatata kapena chimanga chokazinga. Ndipo ndalama za fodya zikabwera kuchokera ku msika wa fodya wa Chinkhoma, gulirani limodzi makope ndi mapensulo a chaka chonse n'kuzibisa, chifukwa sukulu imatsegulira mu Seputembala ndipo pofika Januwale m'thumba mumakhala mutauma.

Za part time, yankho langa n'lakuti musayambire kumeneko. Sindikunena kuti onse ochititsa maphunziro apaderawa ndi achinyengo; alipo odzipereka. Koma pitani mukaone nokha musanatulutse ndalama. Mukapeza ana 40 akubwereza mokuwa zimene zalembedwa pabolodi, dziwani kuti mukugula chakudya chomwe chija chimene chinamulephera kale mwana wanu. Funsani wophunzitsayo kuti, kodi mwana wanga muzimumvetsera payekha kangati pa sabata? Ngati yankho silikumveka, ndalamayo ndi bwino igule nyali ya sola ndi makope. Kwa mtsikanayo thandizo la Chingerezi likhoza kupindula, makamaka akamayandikira Sitandade 7 ndi 8, koma likhale la kagulu kochepa. Ndaonapo mabanja anayi kapena asanu akugwirizana ndi wachinyamata wa m'mudzi amene anamaliza Fomu 4, kuti azikhala ndi ana awo pansi pa mtengo masana atatu pa sabata, iwo n'kumamuthokoza ndi kangachepe. Zimayenda bwino makolo akamasinthana kukhalapo, ndipo pakhale poonekera, osati m'nyumba yotseka.

Pitaninso kwa aphunzitsi aja, koma ulendo uno ndi funso lolunjika. Musadikire tsiku lotsekera. Apezeni ataweruka, muwapatse moni mwaulemu, muwauze zimene mwapeza: mwanayu malembo awa akuwadziwa, koma akukakamira pa mph ndi nkh, kodi sabata ino mukuphunzitsa ati kuti tizibwereza kunyumba? Mphunzitsi amene wamva funso lotere amadziwa kuti kuseri kwa mwanayu kuli munthu, ndipo diso lake limayamba kumufuna m'khwimbi muja. Pemphani kuti amukhazike kutsogolo. Makope muziwaona sabata iliyonse, ngakhale a Chingerezi: deti likuonetsani ngati analidi m'kalasi, ndipo cholembera chofiira chikuonetsani ngati ntchito ikuchongedwa. Nambala imene wakhala pa mayeso isakutengeni mtima kwambiri, pakuti mwana akhoza kukhala nambala 10 m'kalasi imene ambiri satha kuwerenga. Mukakhala ndi dandaulo, musanyoze aphunzitsi pamaso pa ana. Kambani nawo, kenako ahedi, ndipo misonkhano ya makolo ndi aphunzitsi (PTA) ndi ya komiti ya sukulu muzipitako, chifukwa nkhani za mabuku osowa ndi aphunzitsi ochepa zimamveka bwino zikanenedwa ndi makolo ambiri. Inuyo ngati mtima ukufuna, funsani ngati kudera kwanu kuli sukulu ya kwacha. Ana akaona mayi awo atagwira kope, kuwerenga kumasiya kuoneka ngati chilango cha ana.

Muyang'anenso thupi la mnyamatayo. Kodi amatsinzinira kapena kuyandikitsa buku kumaso? Mukamuitana ali chofulatira amamva? Khutu lotuluka mafinya limatseka maliwu omwe tikufuna awasiyanitsewo, ndipo mwana wotero pa ndi pha amazimva chimodzimodzi. Malungo obwerezabwereza, njoka za m'mimba ndi likodzo, limene limadziwika ndi magazi mu mkodzo mwa ana osamba m'madambo, zimachepetsa magazi n'kumusiya mwana wofooka ndi wosinza m'kalasi. Zonsezi alangizi a zaumoyo kapena achipatala chapafupi akhoza kuziona ndi kuthandiza.

Chitani zimenezi kwa teremu imodzi yathunthu, kenako mubwerere ku mayeso anu aja. Thumba la feteleza lili ndi Chingerezi chambiri ndi manambala, choncho mumusankhire china cha m'Chichewa chimene sanachionepo, kaya kapepala ka kuchipatala kapena ndime ya m'buku la nyimbo. Ana ambiri amene vuto lawo linali kuloweza ndi kujomba amakhala atayamba kuphatikiza okha mawu pofika nthawi imeneyo, mwapang'onopang'ono, chala chili pa mzere. Kuchedwako kusakudetseni nkhawa. Liwiro limabwera ndi kuwerenga kwa tsiku ndi tsiku. Koma mukaona kuti mwalimbikira miyezi itatu, sakujomba, maso ndi makutu zili bwino, koma lembo limene walidziwa lero mawa laiwalika ngati sanalionepo, musamuwonjezere maola kapena ukali. Alipo ana anzeru zawo amene ubongo wawo umavutika mwapadera kulumikiza lembo ndi liwu, ndipo amafuna njira zina. Kauzeni ahedi kuti mukufuna mwanayo aonedwe ndi mphunzitsi wa ana ofunika thandizo lapadera, mwa aja amaphunzitsidwa ku koleji ya Montfort ku Chiradzulu. Ngati pasukulu panu palibe, mlangizi wa sukulu za m'zoni yanu, amene timamutcha PEA ndipo amapezeka ku TDC, malo amene aphunzitsi a m'zoniyo amakachitirako maphunziro, ndiye angakuuzeni kumene kuli wapafupi. Popita kumeneko mutenge makope ake, ndi kope lija la nthano.